Matuza anapola, koma nsalu inkandiwotchabe

Ndikakanikiza malowo ndi chikhatho mwamphamvu sindinkamva kuwawa, mwinanso ndinkapezako mpumulo. Koma nsonga ya chitenje ikangodutsa pamwamba pake, ndinkalumpha. Malo ake anali kumanzere, kuyambira pafupi ndi fupa la msana, kutsata nthiti mpaka pansi pa bere, m'lifupi mwake mokwana zala zinayi. Khungu linali louma, lopola, lokhala ndi timadontho takuda basi. Woliona sakanakhulupirira kuti likupweteka, ndipo ambiri sanakhulupiriredi.

Ndine telala, ndimasoka ku Kapata kuno ku Chipata, ndipo zaka zanga zapitirira 55. Chandilembetsa ndi tepi yoyezera. Pali makasitomala amene amadzidzimuka tepi ikangowakhudza paphewa kapena m'chiuno, ukawafunsa amati, "Aa, ndi mmene thupi langa lilili, amayi." Kale ndinkangoseka nawo. Masiku ano ndimawafunsa kuti zinayamba liti, chifukwa ndikudziwa kuti khungu silidana ndi kukhudzidwa popanda chimene chalakwika m'kati.

Kwa ine zinayamba ndi mashingozi. Tinali pa maliro a amalume kumudzi, mbali ya ku Chadiza, kugona kwake kwa pamphasa, tulo tochepa, m'mawa kulawirira ku mapoto. Ndinayamba kumva kubaya m'nthiti, n'kumati mwina ndi chibayo kapena ndagonera mbali imodzi. Pakhungu panalibe kanthu. Patapita masiku angapo panafiira, kenako panatuluka timatuza ta madzi tothithikana mumzere, mbali imodzi yokha. Azimayi a pamaliro aliyense anabwera ndi mankhwala ake, wina phulusa, wina mankhwala otsukira mano, wina masamba osinja. Mmodzi ananong'oneza mnzake, ine ndikumva, kuti mzerewo ukazungulira n'kukumana ndiye kuti munthu wapita. Zimenezo si zoona. Mashingozi amatsata mtsempha umodzi, ndipo mtsemphawo umathera pakati pa chifuwa ndi pakati pa msana, n'chifukwa chake kawirikawiri matuza sadumphira mbali inayo.

Maliro atatha ndinafika kukiliniki matuza ena atsopano akutulukabe, ndipo anandipatsa aciclovir. Kamwedwe kake n'kotopetsa: 800 mg kasanu pa tsiku kwa masiku 7. A nasi anandiuza kuti mankhwalawa amagwira bwino munthu akawayamba pasanathe maola 72 chitulukire matuza, choncho amene waona mzere wa matuza mbali imodzi asadikire kuti aone kaye mmene zithere. Anafotokozanso kuti kachilombo kake si kachilendo m'thupi. Ndi komwe kanatidwalitsa katsabola tili ana. Katsabola akapola, kachilomboko sikachoka, kamakabisala m'mizu ya mitsempha pafupi ndi fupa la msana, n'kukhala phee kwa zaka makumi angapo. Chitetezo cha m'thupi chikatsika kamadzuka, n'kuyenda mumtsempha mpaka kukatulukira pakhungu.

Pano ndiime pang'ono, chifukwa ndikudziwa zimene ena mwaganiza kale. Kwathu kuno munthu akangotuluka mashingozi, anthu amamaliza okha nkhani kuti ali ndi kachilombo ka HIV. N'zoona kuti HIV imatsitsa chitetezo, ndipo wachinyamata akadwala mashingozi ayenera kuyezetsa ndithu. Koma chitetezo chimatsikanso ndi ukalamba, matenda a shuga, khansa ndi mankhwala ake, ngakhalenso mapiritsi a prednisolone amene ena amamwa nthawi yaitali chifukwa cha mphumu kapena nyamakazi. Ku America bungwe loona za matenda la CDC limati pafupifupi munthu 1 mwa anthu 3 alionse amadwala mashingozi pa moyo wake, ndipo ambiri ndi opitirira zaka 50. Ine ndinayezetsa HIV ndi shuga womwe. Zotsatira sindilemba pano. Ndaona kuti anthu akangomva yankho limenelo amasiya kumvetsera zotsalazo, chikhalirecho zotsalazo zimakhudza onse.

Matuza anauma, nkhanambo zinayoyoka, ndinati basi ndachira. Apa ndiye panayambira nkhani yeniyeni. Bra ndinaisiya. Chitenje ndinkachimangira m'munsi kwambiri kuti chisafike pamalopo. Usiku shiti ikasuntha ndinkadzuka, neti ikandikhudza chimodzimodzi. Pa njinga yonyamula anthu, mphepo ikamakupiza bulauzi, ndinkangoluma mano mpaka kukafika kumsika. Yunifolomu ya Chigwirizano inakhala pa hang'ala miyezi ndithu, ine n'kumapereka zifukwa zina kwa amayi anzanga. Ntchito nayo inabwerera m'mbuyo, chifukwa popalasa makina thupi limagwedezeka, malaya n'kumakhula nthiti. Nthawi yokonzekera Kulamba, pamene anthu opita ku Mkaika amabweretsa nsalu zambiri, ndinabweza maoda ena, chilimba n'kundivuta kuponya.

Chimene chinandipweteka mtima kuposa ndalama ndi mdzukulu wanga. Anazolowera kundithamangira n'kundikumbatira ndikafika. Tsiku lina ndinakuwa n'kumukankha. Anaima patali n'kufunsa, "Ambuya, ndalakwa chiyani?" Bambo a kunyumba nawo anayamba kundiyang'ana mokayika, chifukwa dzanja lawo likafika kumbali imeneyo ndinkasuntha. Sananene kanthu, koma munthu wakhala naye zaka zambiri umamumva ngakhale ali chete. Achibale anagawikana. Ena ankati ndikudzikondweretsa kuti andichitire ntchito, ena ankati pali amene anandiponyera chinthu pamaliro paja, tipite akanditeme mphini. Tangoganizani lumo pakhungu limene likukana ndi thonje lomwe.

Ndinamwa Panado, Brufen, diclofenac, zonse zimene timagula tikamva kuwawa. M'mimba ndi mmene munayamba kuwotcha, koma nthiti osasintha. Kuchipatala china anandiyang'ana pakhungu, n'kunena kuti papola bwino, n'kundipatsa mapiritsi omwewo. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndinapitanso kwina. Kumeneko ndinapeza a kilinikala ofisa achinyamata amene anachita chinthu chaching'ono chimene wina aliyense sanachite. Anatenga kathonje, n'kukayendetsa pa nthiti za kumanja. Palibe kanthu. Anakayendetsa kumanzere, ine n'kudumpha pa benchi. Kenako anatenga kasingano n'kundigunda nako pang'ono pa zipserazo, ndipo chodabwitsa n'chakuti ndinakamva mochepa kuposa mbali yabwinoyo. Malo omwewo, dzanzi ndi moto pamodzi.

"Amayi, simukunama ayi," anatero. "Khungu lapola, koma mtsempha wa pansi pake sunapole."

Anafotokoza motere, ndipo ndayesetsa kusunga mmene ananenera. Kupatula mitsempha ya magazi, m'thupi muli mitsempha yonyamula mauthenga kupita ku ubongo. Ina ntchito yake ndi kunena kuti wakhudzidwa, ina kunena kuti wapsa kapena walasidwa. Yambiri imakalowa mumtsempha waukulu wa m'kati mwa fupa la msana. Kachilombo kakawononga mitsempha ya ululu, yovulalayo imayamba kutumiza mauthenga payokha popanda chifukwa, ndipo polandirira mauthenga mumsanamo pamakhala tcheru mopitirira muyeso. Zikatero uthenga wamba wakuti nsalu yadutsa umalowa njira ya ululu, ubongo n'kumva kuti wapsa. Anati zili ngati galu amene akuba anamumenyapo, amauwa ngakhale tsamba likagwa. Ululu wobwera ndi kukhudza kosayenera kupweteka madokotala amautcha allodynia, ndipo ululu wa mashingozi ukapitirira miyezi 3 amautcha postherpetic neuralgia. Mwa anthu 100 odwala mashingozi, pakati pa 10 ndi 18 amatsala nawo, ndipo munthu akamakula mpata wotsala nawo umakulanso.

Apa ndinamvetsa chifukwa chake Brufen ndi diclofenac sizinkathandiza. Mankhwala amenewo amalimbana ndi kutupa, monga bondo lotupa kapena dzino, pamene ine vuto linali mumtsempha wonyamula uthenga. Ndipo ukawamwa tsiku ndi tsiku amabweretsa zilonda za m'mimba n'kuwononga impso.

Anandilembera amitriptyline, theka la piritsi la 25 mg usiku uliwonse, n'kudzakweza pang'onopang'ono. Anandichenjeza zinthu ziwiri zimene ndikufuna nanunso muzimve, chifukwa ndi pamene anthu ambiri amagwera ulesi. Choyamba, mukafunsa kufamasi kapena mwana wanu akafufuza pa intaneti, mudzamva kuti ndi mankhwala a matenda a maganizo. N'zoona, anapangidwira zimenezo, koma pa mlingo waukulu. Pa mlingo wochepa amakhazika pansi mitsempha yovulala, ndipo kupatsidwa mankhwalawa sikutanthauza kuti dokotala akuganiza kuti mutu wanu wazungulira. Chachiwiri, sagwira tsiku lomwelo. Pamatenga masabata angapo. Zoipa zake ndi zimene zimayamba kufika: kukamwa kuuma gwa, tulo tambiri m'mawa, kudzimbidwa, chizungulire ukadzuka mofulumira. Sabata yoyamba ndinkasinza pa makina. Ndinasintha n'kumamwa tikangomaliza chakudya chamadzulo m'malo modikira nthawi yogona, m'mawa mutu unayamba kupepuka. Choyamba kubwerera chinali tulo ta usiku wonse, kenako ndinazindikira kuti ndavala bulauzi tsiku lathunthu osaiganizira.

Sikuti ululu unatheratu. Unachepa kufika poti ndimagwira ntchito, ndimakumbatira mdzukulu, ndimavala yunifolomu. Mu October thukuta likamayenderera pamalopo ndimakumbukira, ndiponso kamphepo kozizira ka July. Mankhwalawa si ongogawana ndi mnzako ayi. Amene ali ndi vuto la mtima, abambo ovutika kukodza, ndi okalamba kwambiri akhoza kuvulala nawo. Sagwirizana ndi mowa, sasiyidwa mwadzidzidzi, ndipo mwana akameza ambiri akhoza kufa, ndiye muziwasunga pamwamba. Amene amitriptyline sakuwayanja pali gabapentin ndi pregabalin, amenenso amafuna kulemberedwa ndi dokotala, makamaka ngati impso zili ndi vuto. Palinso mafuta opaka otchedwa capsaicin, opangidwa kuchokera ku tsabola. Wina atamva zimenezi anandiuza kuti ndingosinja tsabola wa kudimba. Chonde musayese.

Nditayamba kulankhula za vuto langa poyera, anthu anayamba kunditsegukira, ndipo ndinaona kuti mashingozi ndi njira imodzi chabe yofikira pa ululu umenewu.

Alamu anga, amene amayendetsa galimoto ya katundu mu Great East Road, ankagona mapazi ali kunja kwa bulangete ngakhale mu June. Ankati bulangete likakhudza zala za kumapazi zimayaka. Akazi awo ankawaviikira mapazi m'madzi ozizira usiku. Nditawaumiriza kukayezetsa, anawapeza ndi shuga wokwera, amene mwachionekere anakhala naye nthawi yaitali osadziwa. Shuga akakhala wokwera zaka zambiri amawononga mitsempha, kuyambira yaitali kwambiri, n'chifukwa chake zimayambira ku zala za kumapazi, mbali zonse ziwiri, n'kumakwera pang'onopang'ono, ndipo zimakula usiku. Pafupifupi theka la anthu odwala shuga mitsempha yawo imadzakhudzidwa. Choopsa n'chakuti phazi lomwe likuwawa ndi bulangetelo likhoza kuponda msomali osamva, bala n'kukula mpaka kufika podula mwendo. Alamu anauzidwa kuti aziyang'ana kuphazi tsiku lililonse, asayende opanda nsapato, ndipo asaothetse mapazi pa mbaula. Amene amwa mapiritsi a shuga a metformin zaka zambiri afunsenso za vitamini B12, chifukwa mankhwalawa amatha kumuchepetsa, ndipo kuchepa kwake nakonso kumawononga mitsempha.

Mapazi oyaka amabweranso ndi mankhwala ena. Isoniazid, amene ali m'mankhwala a chifuwa chachikulu komanso m'mankhwala ochipewera, amachepetsa vitamini B6. N'chifukwa chake amapereka kapiritsi ka pyridoxine pambali. Ena amakaona ngati kongowonjezera n'kumakasiya, chonsecho ndi kamene kakuteteza mapazi awo. Amene anayamba ma ARV kalekale akukumbukira stavudine, amene ankawotcha mapazi a anthu ambiri mpaka bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linalangiza kuti asiyidwe cha m'ma 2010. Mankhwala anasintha, koma ena mitsempha yawo sinabwerere. HIV payokha imathanso kuwononga mitsempha, kachasu wa zaka zambiri chimodzimodzi, ndi mankhwala ena a khansa monga vincristine. Ngati mukukayikira mapiritsi amene mukumwa, musawasiye panokha. Pitani nawo m'manja mukawaonetse.

Amene anandimvetsa chisoni kwambiri ndi mayi wina wa ku Sinda amene ndimamusokera. Iye ululu unali kumaso, tsaya la kumanja. Akasamba kumaso, akatsuka mano, akatafuna chimanga chootcha, ngakhale kamphepo kakamuomba, ankamva ngati wagwidwa ndi magetsi kwa masekondi ochepa, kenako zii. Ankalankhula osatsegula pakamwa kwenikweni poopa kuuputa. Anazulitsa mano awiri abwinobwino poganiza kuti ndi dzino, ululu osachoka. Matenda akewo ndi trigeminal neuralgia, vuto la mtsempha waukulu wa kumaso, ndipo nthawi zambiri limayamba chifukwa mtsempha wa magazi ukuupanikiza pafupi ndi ubongo. Amagwira kwambiri anthu opitirira zaka 50, akazi kuposa amuna. Mankhwala ake oyamba ndi carbamazepine, omwe ambiri amawadziwa ngati a khunyu, ndipo iye anamuthandiza. Koma carbamazepine amafooketsa mapiritsi olerera, kolerera koika pamkono, ndi ma ARV ena kuphatikizapo dolutegravir, choncho dokotala ayenera kudziwa zonse zimene mukumwa. Mukatuluka zidzolo kapena zilonda m'kamwa mutangowayamba, bwererani kuchipatala tsiku lomwelo.

Zina ndingozitchula. Odwala mutu waching'alang'ala ambiri, mutu ukagwira, khungu la kumutu limawawa mwakuti chipeso, duku kapena ndolo zimasanduka katundu, ndipo zimatha mutuwo ukaleka. Pali fibromyalgia, imene imawawitsa thupi lonse pamodzi ndi kutopa ndi kusowa tulo, magazi akayezedwa osaonetsa kanthu. Chipsera cha opaleshoni, kapena mkono umene unathyokapo, nthawi zina umatsala wosafuna kukhudzidwa chifukwa mtsempha unavulala. Ena zimawayamba atadwala sitiroko, kumbali imene inafooka.

Mukapita kuchipatala musangoti thupi likuwawa, chifukwa mudzabwerako ndi Panado. Nenani kuti ndi pati, mbali imodzi kapena zonse, kukuwotcha kapena kukubaya kapena kukugwira ngati magetsi, ndipo nenani mosabisa kuti nsalu kapena mphepo ndi imene ikuyambitsa. Tchulani ngati panatulukapo matuza, ngakhale papite chaka. Pemphani kuyezedwa shuga ndi HIV. Wodwala amene akufotokoza bwino amafupikitsira dokotala ulendo, makamaka pamene panja pali mzere wautali.

Pa za zovala ndilankhule monga telala. Poyamba ndinkaganiza kuti chovala chachikulu chotayatayana ndi chimene chingathandize, ndipo ena chimawathandizadi. Kwa ine chinkaipitsa, chifukwa nsalu yotayana imangokupiza n'kumasisita khungu, pamene kusisitako ndi kumene mtsempha umadana nako. Chinandithandiza ndi vesiti ya thonje yofewa, yogwira thupi bwino osasuntha, n'kuvala bulauzi pamwamba pake. Ndimaivala chotembenuza kuti misoko ikhale kunja, ndipo kachikwangwani ka m'khosi ndimakadula. Pa salaula sankhani thonje lochapidwachapidwa. Nsalu za poliyesitala, lesi, ndi chitenje chatsopano chosachapa zimakanda. Pa madiresi anga ndinasuntha msoko wa m'mbali kuti usadutse pa zipsera, zipi n'kuiika kumanja. Telala wanu akhoza kukuchitirani zimenezi mukamuuza. Kansalu konyowetsa m'madzi ozizira kamanditonthoza madzulo, ngakhale pali ena amene kuzizira kumawaonjezera, ndiye yesani pang'ono kaye.

Matuza akadali ndi madzi, aphimbeni ndipo musayandikire mayi woyembekezera, khanda, kapena munthu wofooka chitetezo. Simungawapatsire mashingozi, koma amene sanadwalepo katsabola akhoza kutenga katsabola kuchokera m'madzi a matuzawo. Akauma n'kuchita nkhanambo ngozi imeneyo yatha.

Pali zina zosadikira kuti kuche. Mashingozi akatuluka pamphumi, pachikope kapena pansonga ya mphuno, diso lili pangozi ndipo munthu akhoza kusiya kuona. Ameneyo apite msanga kumene kuli oona za maso, ku Chipata Central Hospital, ku Mwami, kapena ku St Francis ku Katete, malinga n'kumene kuli pafupi. Chimodzimodzi ngati matuza ali m'khutu nkhope n'kupotoka, ngati afalikira thupi lonse, ngati mwendo kapena mkono ukufooka, mkodzo ukukanika kutuluka kapena ukungotuluka wokha, kapena mutu ukuwawa kwambiri khosi n'kuuma. Ululu wa pachifuwa wobwera ndi phuma ndi thukuta musauyese mashingozi, ukhoza kukhala mtima. Ndipo khungu likakhala lofiira, lotupa, lotentha, likupweteka ukalikhudza, munthu n'kumamva malungo, umenewo si mtsempha ayi, ndi mabakiteriya alowa. Ameneyo akufunika mankhwala opha mabakiteriya tsiku lomwelo, osati amitriptyline.